Kupalasa njinga m'mapiri ouma a New Mexico: mafunso ndi mayankho

Kumpoto kwa chigawo cha New Mexico ku America kuli misewu ya phula imene anthu okonda njinga zothamanga amachokera kutali kuti akaipalase. Mabuku ndi mapu amatchula msewu uliwonse ndi makilomita ake, kenako n'kuikapo chithunzi cha mapiri ofiira dzuwa likamalowa. Kayezedwe kameneka kamasocheretsa. M'dziko louma ndi lokwera chonchi, ulendo umakoma kapena kuipa chifukwa cha zinthu zimene makilomita sanena: kukwera kwa malo, kumene kuli madzi, ndi nthawi imene munthu adzafike pachitunda chomaliza.

Kodi chipululu cha pamwamba chimasiyana bwanji ndi chipululu chimene ambiri amachidziwa?

Munthu akamva za chipululu amaganiza za mchenga ndi kutentha kosalekeza. Kumpoto kwa New Mexico sikuli choncho. Kumeneko n'kumene mapiri a Rocky amathera chakumwera, ndipo mtsinje wa Rio Grande umadula dzikolo pakati, mapiri a Sangre de Cristo ali kum'mawa, a Jemez kumadzulo. Mzinda wa Albuquerque uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, pamene Santa Fe ndi Taos ili pamamita opitirira pang'ono 2,100. Ndiye kuti mlendo amene wagona ku Santa Fe amadzuka ali kale pamalo okwera ngati nsonga ya phiri la Zomba, asanagwire n'komwe njinga. Mvula ndi yochepa. Ku Santa Fe imagwa pafupifupi mamilimita 350 pachaka, ndipo ku Albuquerque sifika 250. M'zigwa mumamera zitsamba zotuwa zazifupi ndi timitengo ta piñon ndi juniper totalikirana, topanda mthunzi wokwanira munthu ndi njinga yake. Mukakwera pang'ono mumalowa m'nkhalango ya paini wamtali, mukakweranso mumapeza aspen ndi spruce, ndipo pamwamba penipeni chipale chofewa chimakhalapo mpaka mwezi wa May kapena June.

Chipale chimenechi ndicho chimalamulira moyo wa dera lonse. Chikamasungunuka chimadzaza timitsinje totsika m'mapiri, ndipo anthu, kuyambira eni nthaka a mtundu wa Pueblo mpaka Asipanishi amene anakhazikitsa Santa Fe mu 1610, anamanga pomwe timitsinjeto timafika. Pakati pa kamtsinje kena ndi kanzake pali dziko louma lopanda anthu. Wopalasa njinga amene wamvetsa zimenezi amawerenga mapu mwanjira ina: amayang'ana pomwe pali midzi, chifukwa pomwepo ndi pomwe pali madzi.

Misewu yotchuka ndi iti?

Ilipo ya mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake n'kofunika kuposa maina ake. Mtundu woyamba ndi misewu yokwera phiri n'kukathera pamwamba. Wotchuka kwambiri ndi wa ku Sandia Crest, NM 536, umene umayambira pa San Antonito kuseri kwa Albuquerque n'kukwera makilomita pafupifupi 22 mpaka pamamita 3,255. Apa phula lafika pamalo okwera kuposa Sapitwa wa ku Mulanje, amene ali ndi mamita 3,002. Winanso ndi Hyde Park Road, NM 475, wochoka mu mzinda wa Santa Fe n'kukwera mamita pafupifupi 1,000 m'makilomita 25 kukathera pamalo ochitira masewera otsetsereka pachipale. Misewu imeneyi siilumikiza mudzi ndi mudzi. Imatumikira alendo, oyang'anira nkhalango ndi amasewera a nyengo yozizira, ndipo pamwamba pa Sandia chimene chimakulandirani ndi nsanja zachitsulo za wailesi ndi kanema.

Mtundu wachiwiri ndi misewu yodutsa m'malo mokhala anthu. Enchanted Circle, wa makilomita pafupifupi 135, umazungulira Wheeler Peak, phiri lalitali kuposa onse m'chigawochi, lopitirira pang'ono mamita 4,000. Umachoka ku Taos kupita ku Questa, kulowa m'chigwa chopapatiza mpaka ku Red River, kukwera Bobcat Pass pamamita 2,993, kutsikira ku Eagle Nest, kenako kukwera Palo Flechado Pass pamamita pafupifupi 2,770 n'kubwerera ku Taos. High Road to Taos, wa makilomita pafupifupi 90, umadutsa Nambé, Chimayó, Truchas, Las Trampas ndi Peñasco n'kukatulukira ku Ranchos de Taos. Turquoise Trail, NM 14, umalumikiza dera la Albuquerque ndi Santa Fe kudzera m'matauni akale a migodi a Golden, Madrid ndi Cerrillos. Palinso NM 4 wa m'mapiri a Jemez, wodutsa m'mphepete mwa Valles Caldera, chigwa chachikulu cha udzu chimene chinapangika phiri lamoto litaphulika n'kutitimira zaka zoposa miliyoni imodzi zapitazo. Ambiri amasirira mtundu woyamba chifukwa manambala ake ndi otamandika pamaso pa anzawo. Mlendo wanzeru ayenera kuyamba ndi wachiwiri.

Makilomita 22 okha angavute bwanji munthu amene kwawo amapalasa 100 patsiku?

Chifukwa thupi limene linapalasa makilomita 100 kunsi si limene lafika kumapiri. Gawo la okosijeni mumpweya silisintha, limakhalabe 21 peresenti, koma mpweyawo umapepuka munthu akamakwera. Pamamita 2,100, kupuma kamodzi kumalowetsa okosijeni wochepa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo pamamita 3,200 amachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ofufuza za masewera amapeza kuti mphamvu ya thupi yogwiritsa ntchito okosijeni, mwa anthu ozolowera masewera, imatsika ndi 6 kapena 7 peresenti pamamita 1,000 alionse. Wochokera kunsi amakhala atataya kale gawo la mphamvu zake pamene akuyamba chitunda cha Sandia, ndipo akamayandikira pamwamba amakhala atataya pafupifupi gawo limodzi mwa asanu. Mtima umagunda mofulumira pantchito yomweyomweyo, wefuwefu amayamba msanga, ndipo akaima kuti apume mphamvu sizibwerera mwachangu monga zimachitira kwawo. Choipa china n'chakuti chitundacho chimayamba mofatsa, pakati pa mitengo yokongola, moti munthu amapalasa ndi liwiro la kwawo kwa theka la ola loyamba n'kudzalipira m'makilomita asanu omaliza.

Thupi limazolowera, koma osati tsiku limodzi. Masiku awiri kapena atatu oyamba tulo timavuta, mutu umawawa mwa ena, chilakolako cha chakudya chimachepa. Kusintha kwenikweni kwa magazi kumatenga masabata. Pamwamba pa zonsezi pali kuzizira. Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pamamita 1,000 alionse, choncho pa Sandia Crest pamazizira ndi madigiri 10 kapena kupitirira apo kuyerekeza ndi mu mzinda wa Albuquerque umene ukuonekera pansipo. Wofika pamwamba malaya atanyowa amatsetsereka theka la ola osapalasa, mphepo ikumuomba pachifuwa, zala zikuuma pamabuleki pomwe msewu uli wokhotakhota. Pamisewu yothera pamwamba, ngozi yaikulu imadikira potsika, pamene munthu akuganiza kuti ntchito yatha.

Koma si paja akatswiri amanena kuti mpweya wopepuka umathamangitsa njinga?

Amanena zoona, ndipo umboni wake ndi wodziwika. Eddy Merckx anasankha Mexico City, mzinda wokwera mamita opitirira 2,200, pamene anapalasa makilomita 49.431 mu ola limodzi mu 1972, ndipo Francesco Moser anapita komweko mu 1984 n'kufikitsa makilomita 51.151. Pamalo athyathyathya, mphamvu zambiri za wopalasa mothamanga zimathera pokankha mpweya umene uli patsogolo pake, ndiye mpweya ukapepuka phindu limaposa zimene mapapo ataya. Koma amuna awiriwa ankazungulira bwalo losalala. Pachitunda, pamene njinga ikuyenda makilomita 10 kapena 12 pa ola, mpweya wa patsogolo sukhala mdani weniweni. Mdani ndi kulemera kwa munthu ndi njinga yake, ndipo kulemerako sikuchepa ndi kukwera kwa malo. Phindu la mpweya wopepuka limabwera potsetsereka, pamene simukulifuna: njinga imathamanga kuposa mmene munazolowera ndipo mabuleki amagwira ntchito yambiri.

N'chifukwa chiyani madzi akuikidwa patsogolo pa zonse? Si nkhani yongonyamula mabotolo?

Mabotolo awiri amene amakwanira pafelemu ya njinga yothamanga amatenga malita pafupifupi 1.5. Munthu wokwera chitunda padzuwa akhoza kutaya lita imodzi pa ola, ena kuposa apo. Kumalo achinyezi thukuta limayenderera kumaso ndipo limakukumbutsani kumwa. Kuno limauma lisanaoneke. Masana a mwezi wa June chinyezi cha mumpweya chimatsika kwambiri, nthawi zina kufika pansi pa 10 peresenti, ndipo chizindikiro chokha chakuti thupi likutha madzi ndi mchere woyera ngati ufa umene umatsala pazingwe za helemeti ndi pamsana pa malaya. Kupuma mofulumira mumpweya wouma kumachotsanso madzi ena, ndipo dzuwa la pamalo okwera limawotcha khungu ngakhale kukuzizira. Choncho mabotolo awiri ndi ulendo wa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Funso loyamba pokonza ulendo liyenera kukhala lakuti pakadutsa maola awiri mudzakhala muli pati.

Tengani msewu wa US 64 kumadzulo kwa Taos. Chiyambi chake n'chokopa: makilomita pafupifupi 16 kuchokera m'tauni mumawoloka Rio Grande Gorge Bridge, mlatho wa mu 1965 umene mtsinje umaoneka pansi patali mamita pafupifupi 200. Mukafika ku Tres Piedras msewu umakwera mpaka pamamita pafupifupi 3,200 n'kutsikira ku Tierra Amarilla, ndipo pakati pa malo awiriwa pali makilomita pafupifupi 80 opanda tauni. Phula ndi labwino, magalimoto ndi ochepa, malo ndi okongola, moti papepala umaoneka msewu wabwino kuposa yonse. Koma kwa wopalasa wamba amenewo ndi maola anayi, kutanthauza malita atatu kapena anayi, ndipo tcheni ikaduka pakati palibe khomo loti n'kugogoda.

Tsono yerekezani ndi High Road. Makilomita ake ndi pafupifupi ofanana ndi amenewo, zitunda zake n'zowawa, makamaka chochoka ku Chimayó, pamamita pafupifupi 1,850, kukafika ku Truchas, pamamita pafupifupi 2,450. Kusiyana n'kwakuti msewuwu unatsatira midzi. Las Trampas inakhazikitsidwa mu 1751, Truchas mu 1754, ndipo mudzi uliwonse unamangidwa pakamtsinje kake. Mpaka lero minda imathiriridwa ndi ngalande zokumba pamanja zotchedwa acequia, zimene alimi amazilambula pamodzi nyengo yozizira ikatha ndipo amasankha mkulu wogawa madzi, mayordomo. Wopalasa amaona yekha mmene dzikoli linayalidwira: amakwera chitunda chouma chofiirira, kenako amatsetserekera m'kachigwa kobiriwira ka mitengo ya maapozi, tsabola ndi udzu wa ziweto, pakati pali tchalitchi cha makoma adothi ochindikala monga San José de Gracia cha ku Las Trampas chimene anayamba kumanga mu 1760, kenako chitunda china chouma. Sipadutsa nthawi yaitali asanaone nyumba.

Wina anganene kuti mudzi si sitolo, ndipo akhala akunena zoona. Magolosale ambiri a m'midzi ya kumapiriyi anatsekedwa pamene anthu anayamba kugwira ntchito ndi kugula zinthu ku Española, Los Alamos ndi Santa Fe, moti wanzeru amadzaza mabotolo ku Chimayó n'kuwerengera kuti adzadzazanso ku Peñasco, osadalira za pakati. Madzi a mu acequia nawonso si akumwa, chifukwa amadutsa m'malo odyetsera ziweto. Komabe mudzi wopanda golosale uli ndi mthunzi, uli ndi anthu, uli ndi galimoto yodutsa imene ingaime. Cholakwa chimene chingathere m'chipatala pakati pa Tres Piedras ndi Tierra Amarilla chimathera m'manyazi opempha madzi pakhomo pa munthu ku Truchas.

Nanga misewu ya m'midziyi si yopapatiza ndi yodzaza magalimoto? Ngozi yeniyeni si galimoto kodi, osati ludzu?

Pamafunso onse otsutsa, ili ndilo lolemera kwambiri, ndipo silingayankhidwe mongolikankhira kumbali. Mbali zambiri za NM 76 wa High Road ndi NM 14 zilibe malo a m'mphepete oti njinga iyendemo yokha, zili ndi makona obisika, ndipo m'chigawochi kuyendetsa galimoto munthu ataledzera ndi vuto lakalekale. Umboni uli m'mphepete mwa msewu momwemo. Paliponse mumaona timitanda tokongoletsedwa ndi maluwa apulasitiki, totchedwa descanso, tosonyeza pomwe munthu anafera, ndipo lamulo la mu 2007 limaletsa kutiwononga. Ku Albuquerque pamalo ena paimikidwa njinga zopakidwa penti woyera paliponse, matayala ndi tcheni zomwe, pokumbukira opalasa amene anagundidwa. Mizinda ya Albuquerque ndi Santa Fe ili ndi malamulo akuti woyendetsa galimoto asiye mpata wa mamita 1.5 podutsa njinga, koma lamulo silikulitsa msewu.

Yankho lake lili pawiri. Poyamba, misewu yothera pamwamba nayo siipulumuka ku magalimoto: Loweruka ndi Lamlungu, makamaka masamba a aspen akamasanduka achikasu kumapeto kwa September, Hyde Park Road imadzaza ndi alendo amene maso awo ali pamitengo. Chachiwiri, kuchuluka kwa magalimoto kumayendera maola, ndipo maola munthu angasankhe. High Road ili ndi mwayi wakuti othamangira ku Taos amadzera njira ya kumunsi, NM 68, yotsata Rio Grande, kotero m'mawa wa pakati pa sabata, opita kuntchito atadutsa, msewu wa kumtunda umakhala phee kwa nthawi yaitali. Sabata ya Pasaka yokha ndiyo yoyenera kuipewa, chifukwa pofika Lachisanu Loyera anthu zikwizikwi amayenda wapansi m'misewu imeneyi kupita ku tchalitchi cha Santuario de Chimayó, ndipo msewu umakhala wawo. Ngozi ya galimoto imachepetsedwa ndi kusankha tsiku ndi ola, nyali yofiira kumbuyo ndi zovala zowala. Makilomita 80 opanda madzi sachepetsedwa ndi kalikonse koma kunyamula katundu.

Nthawi yabwino ndi iti, pachaka ndi patsiku?

Nyengo iliyonse ili ndi mdani wake, ndipo pafupifupi onse amadzuka masana. Kuyambira March mpaka May ndi nthawi ya mphepo. M'mawa kumakhala bata, koma dzuwa likakwera mphepo yochokera kumadzulo imayamba, ndipo masiku ena imapitirira makilomita 60 pa ola, itanyamula fumbi. Opalasa nawo Santa Fe Century, ulendo wa makilomita pafupifupi 160 umene umachitika mu May, amatchula kwambiri kachitunda kotchedwa Heartbreak Hill, koma chimene chimawathetsa mphamvu nthawi zambiri ndi mphepo ya m'zidikha. June ndi wotentha ndi wouma, nyengo ya moto wolusa. Moto wa Las Conchas unawononga mapiri a Jemez mu 2011, ndipo wa Hermits Peak ndi Calf Canyon wa mu 2022, waukulu kuposa wina uliwonse m'mbiri ya chigawochi, unatentha malo opitirira masikweya kilomita 1,300 mpaka nkhalango za boma zinatsekedwa kwa alendo. July ndi August amabweretsa mvula yamabingu. Kumacha kopanda mtambo, cha m'ma 11 koloko timitambo toyera timayamba kuunjikana pamapiri, ndipo pofika 2 kapena 3 koloko kumagwa mvula yamphezi, nthawi zina ndi matalala, kutentha n'kutsika mwadzidzidzi. Makwawa ouma amadzaza madzi m'kanthawi kochepa n'kutaya mchenga ndi miyala pamsewu, makamaka kumunsi kwa mapiri amene anapsa.

Apa m'pamene kuwerenga maola kumaposa kuwerenga makilomita. Wopalasa Enchanted Circle kudzera ku Questa amafika pa Bobcat Pass atayenda makilomita pafupifupi 65, ndipo pa Palo Flechado atayenda opitirira pang'ono 100. Ngati akuyenda makilomita 20 pa ola, n'kuwonjezerapo nthawi yoima kudya ndi kudzaza madzi ku Questa, Red River ndi Eagle Nest, chitunda chachiwiricho achifika patatha maola pafupifupi asanu ndi limodzi. Wonyamuka 6 koloko m'mawa amawoloka cha m'ma 12 koloko n'kutsikira ku Taos mitambo ikungoyamba kuda. Wonyamuka 9 koloko, atadya mofatsa, amadutsa chigwa cha Moreno, kumene kuli Eagle Nest, chopanda pobisala, mphepo itadzuka, n'kufika pamwamba 3 koloko, nthawi yeniyeni ya mphezi. Msewu ndi womwewo, munthu ndi yemweyo, koma maulendowo ndi awiri osiyana. Miyezi yofatsa ndi September ndi chiyambi cha October, pamene mvula yachepa, mphepo siinayambe ndipo chipale sichinagwe, ngakhale m'mawa ku Eagle Nest madzi akhoza kuundana. Nyengo yozizira misewu ya kumunsi pafupi ndi Albuquerque imapalasikabe masiku ambiri, koma ya pamwamba ayi, ndipo mchenga umene amathira pachipale umatsala m'makona mpaka miyezi yotsatira.

Masiku ano pali mafoni, makompyuta a panjinga ndi njinga zamagetsi. Kodi zonsezi sizinathetse mavutowa?

Zachepetsa ena. Kachipangizo ka pahandulo kamakuuzani mamita amene atsala kuti mukwere, ndipo zolosera zanyengo zimasonyeza mphepo ya ola ndi ola, zomwe ndi thandizo lenileni kwa wokonza ulendo usiku. Koma netiweki imasowa m'zigwa zakuya ndi m'nkhalango, pamalo omwewo pomwe thandizo limafunika, ndipo mapu a pafoni akhoza kusonyeza sitolo imene inatsekedwa kalekale kapena imene imatsegula masiku ena okha. Njinga yamagetsi imapeputsa ntchito ya mapapo, koma batire limatha msanga pachitunda chachitali ndi pozizira, ndipo likatha mwatsala ndi njinga yolemera pamalo okwera. Galimoto yotsatira pambuyo ndiyo yokha imene imathetsadi vuto la madzi, n'chifukwa chake pamaulendo okonzedwa, okhala ndi malo omwera m'njira, anthu wamba amamaliza mitunda imene sakanaiyesa okha. Mfundo imeneyi ikungotsimikizira zomwe tanena: amene akufuna msewu wopanda midzi ayenera kubweretsa mudzi wake pagalimoto. Ndipo ngakhale galimotoyo siiwonjezera okosijeni pa Bobcat Pass.

Pali zina zazing'ono zimene mlendo sangaziyembekezere?

Minga. M'malo otsika, makamaka m'mphepete mwa misewu ya pafupi ndi matauni, mumayanga kachitsamba kotchedwa goathead, kamene kambewu kake kolimba kali ndi minga yakuthwa yoyang'ana uku ndi uku. Kuyambira kumapeto kwa nyengo yamvula kamauma n'kumwazika paphula, ndipo kamodzi kokha kamakwana kubowola chubu. Opalasa a kumeneko ambiri amagwiritsa ntchito matayala opanda chubu okhala ndi madzi omata mkati, ndipo saimika njinga paudzu wa m'mbali mwa msewu. M'misewu ya kumidzi mulinso zitsulo zoyalidwa mopingasa pamwamba pa dzenje kuti ng'ombe zisadutse. Zimawolokedwa molunjika, osakhota ndi osagwira buleki, ndipo zikanyowa zimaterera. Pomwe pali zitsulozo yembekezerani kupeza ng'ombe itaima pakati pa msewu kuseri kwa kona.

Chachikulu kuposa izi ndi ulemu. M'chigawochi muli midzi 19 ya a Pueblo, uliwonse ndi ulamuliro wake, ndipo misewu ya njingayi imadutsa m'malo a Nambé, Picuris, Jemez, Taos ndi ena. Phula ndi la aliyense, koma kupatuka kulowa m'tinjira, kukapuma pamtsinje kapena kujambula zithunzi kumafuna chilolezo, ndipo pamasiku a miyambo midzi ina imatsekedwa kwa alendo. Zikwangwani zimanena momveka, ndipo ziyenera kutsatidwa ngakhale palibe amene akuona.

Ndiye munthu wa sabata imodzi ayambire pati?

Apite mu September ngati angathe kusankha. Masiku awiri oyamba apalase pang'ono pafupi ndi Santa Fe, mopanda kulimbana ndi zitunda, akumwa madzi ndi kudya chakudya chamchere, kuti aone mmene thupi lake likulandirira malowo. Tsiku lachitatu atsike Turquoise Trail mpaka ku Cerrillos kapena ku Madrid, tauni ya malasha imene inatsala mabwinja m'zaka za m'ma 1950 n'kudzadzukanso ndi amisiri a zojambula m'ma 1970, kumene chakudya ndi madzi zimapezeka. Kenako High Road, pakati pa sabata, atanyamuka kukungocha, ndi botolo lachitatu m'thumba la kumsana ndi jekete yopyapyala yotchinga mphepo. Akagona ku Taos n'kupuma tsiku limodzi, Enchanted Circle amutheka, bola anyamuke 6 koloko. Sandia Crest aisungire tsiku lomaliza, ndipo US 64 kupitirira Tres Piedras asaiyese popanda galimoto yomutsatira.